Chifukwa chiyani laser ikung'amba matailosi, pamene mwala wa ku Mutoko ukutuluka bwino?

Wozokota ziliza, Mbare

Moni kwa nonse, akuluakulu ndi anzanga omwe. Ine ndimadyera ntchito yozokota mayina ndi zithunzi pa miyala ya ziliza, ndipo kashedi kanga kali ku Mbare, chakufupi ndi Magaba. Papita zaka zitatu chigulireni makina a laser, ozokota ndi kuwala kwamphamvu, a mtundu wa CO2, a mawati 80, ndipo pa mwala wakuda wa ku Mutoko sanandichititsepo manyazi, chifukwa nkhope ya munthu imatuluka yoyera bwino lomwe, mpaka makwinya a pamphumi ndi maluwa a pa duku amaoneka.

Vuto landipeza pa matailosi. Popeza mwala wakwera mtengo, mabanja ena ayamba kupempha kuti chithunzi cha malemu ndichiike pa tailosi yoyera yonyezimira, yonga ya m'bafa, kuti akaimate ndi simenti pa chiliza cha njerwa. Mwezi wathawu banja lina la ku Mufakose linandibweretsera chithunzi cha mayi awo, ndipo mwambo wovundukula chiliza unali Loweruka ku manda a Granville, amene ambiri timangoti ku Mbudzi. Ndinazokota Lachinayi madzulo. Chithunzi chinatuluka chozimiririka koma chosaipa kwenikweni, ndipo pamene ndinkasesa kuti ndiweruke ndinamva tailosiyo ikulira yokha patebulo, timaphokoso tating'ono ngati munthu akuthyola timitengo ta machesi. Sindinalabadire. M'mawa wa Lachisanu ndinapeza nkhope yonse ya mayiwo italowa ming'alu yopyapyala ngati ukonde wa kangaude, ndipo nditayendetsapo chikhadabo panayamba kusendeka tizidutswa tonyezimira tonga mamba a nsomba. Tsiku lomwelo ndinayesa matailosi ena atatu. Nditakweza mphamvu, imodzi inasweka pakati ili m'makina momwemo, ndipo nditatsitsa, pa ziwiri zinazo sipanaoneke chilichonse chogulitsika. Mapeto ake ndinawazokotera pa kamwala kakuda pa mtengo wa tailosi, phindu langa n'kulowa m'madzi.

Tsono munthu wina wogulitsa makina wandiuza kuti cholakwa ndi mtundu wa laser yanga. Akuti ndigule fibre laser, imene siwala mosalekeza koma imaombera kuwala kwamphamvu modukizadukiza, zimene iwo amati ma pulse, ndipo akunenetsa kuti imeneyo siwotcha, imangochotsa chapamwamba basi. Ndalama zake si zamasewera, ndiye ndisanapite kukakongola ndikupempha amene mukudziwa mundimasulire. Kodi kwenikweni chimachitika n'chiyani m'kati mwa tailosi kuwalako kukaigunda, ndipo n'chifukwa chiyani ming'alu inadikira mpaka kucha? Nanga n'zoona kuti ma pulse amphamvu sang'amba zinthu zoumba?

Wopuma pantchito ya ng'anjo, Highfield

Bambo a ku Mbare, pepani ndi zimene zinakugwerani. Za makina atsopanowo ndisiyira amene anaphunzira, koma za tailosi ndingathe kuyankha, poti ndinakhala zaka zambiri pakamwa pa ng'anjo ya fakitale ina youmba kuno ku Harare, ndiponso ndinakulira pambali pa mayi anga amene ankaumba mbiya ndi mitsuko kwathu ku Dedza, tisanabwere kuno m'nthawi ya Chitaganya.

Mayi anga sankaponya mphika pamoto waukali mwadzidzidzi. Ankayamba auumika pamthunzi masiku angapo, kenako padzuwa, ndipo tsiku lootcha ankauyandikiza kumoto pang'onopang'ono, akuutembenuza, kuti mbali zonse zifundire limodzi. Chifukwa chake ndi chakuti chinthu chikatentha chimafutukuka, ndipo ngati mbali imodzi yafutukuka inzake ikadali yozizira, ziwirizo zimakokana. Chitsulo chikakokedwa motero chimapindika pang'ono n'kupulumuka, koma dothi lootcha ndi galasi sizidziwa kupindika, zimangosweka. Chinanso, chitsulo chimagawa kutentha msanga thupi lonse. Mkuwa umayendetsa kutentha kuwirikiza pafupifupi 400 kuposa galasi, kotero kuti pa galasi moto umangounjikana pamene wagwerapo.

Tailosi imene munaigwira ija si chinthu chimodzi ayi, ndi zinthu ziwiri zokwatirana. Pansi pali dothi lootcha, pamwamba pali gilezi, amene ndi galasi lenileni lopyapyala, losakwana ngakhale milimita imodzi. Ziwirizi zimaotchedwa pa madigiri apakati pa 1,000 ndi 1,200, ndipo oumba amasakaniza dala zinthu zawo kuti pozizira, dothi la pansi likhwinyate mopitirira pang'ono galasi la pamwamba. Potero gilezi amatsala wofinyidwa moyo wake wonse, ndipo galasi lofinyidwa ndi lolimba, chifukwa mng'alu ulibe mpata woyasamula. Tsono laser yanu ikamadutsa imasungunula timadontho ta gileziyo, ndipo kadontho kalikonse kamazizira nthawi yomweyo pakati pa galasi lozizira limene lakagwira m'mbali monse. Kadonthoko kamafuna kukhwinyata koma kamangidwa, ndiye m'malo mofinyidwa kamatsala kokokedwa. Kufinya kuja oumba anakuikamo, inu mwakumasula. N'chifukwa chake ming'alu siibwera pamene moto uli pomwepo, imabwera pozizira, ndipo kulira munamva posesa kuja kunali ming'aluyo ikuyenda.

Tailosi imene inasweka pakati ija, moto unapyola gilezi n'kulowa m'dothi. M'dothimo muli mchenga wa quartz, ndipo quartz akafika pa madigiri 573 amafutukuka modzidzimutsa, pozizira n'kubwereranso modzidzimutsa pa malo omwewo. Ife ku ng'anjo tinkachepetsa liwiro tikamayandikira pamenepo, pokwera ndi potsika pomwe. Laser imadutsa pamenepo mofulumira kuposa kuphethira kwa diso.

Koma pali chinthu chimodzi chimene mwina simunachiganizire. Mwala wanu wa ku Mutoko nawonso umang'aluka. Kuyera kumene mumakondwera nako kuja si utoto, ndi timing'alu tosawerengeka ndi timaenje timene laser yagoba pamwamba pa mwala wopukutidwa, ndipo timeneti timamwaza kuwala n'kumaoneka toyera pakati pa mdima. Mwalawo ndi wochindikala, wopangidwa ndi timibulu tolukanalukana, choncho mng'alu uliwonse umathera pa kambulu koyandikana nako. Pa tailosi yoyera mukuchita ntchito yomweyo, koma zoyera pa zoyera sizioneka, ndipo galasi lilibe timibulu toimitsa mng'alu ukayamba ulendo.

Ine maganizo anga ndi akuti laser si chida cha ntchito imeneyi. Zithunzi za pa ziliza zimene zimakhalitsa pa mbale zoumba amazisindikiza ndi utoto wa miyala, n'kuziotcha mu uvuni pa madigiri 800 kapena kuposerapo, kuti utotowo umire m'gilezi. Ndiponso musaike tailosi ya pakhoma kumanda. Dothi lake limamwa madzi opitirira 10 peresenti ya kulemera kwake, pamene tailosi ya porcelain, ya dothi lolimba lothithikana, siipitirira theka la peresenti imodzi, ndiye ganizirani mvula ya Januwale ndi dzuwa la Okutobala pa chiliza chopanda denga.

Mphunzitsi wa fizikisi, Dzivarasekwa

Zikomo agogo a ku Highfield, mwandipeputsira ntchito, chifukwa zonse mwanenazo n'zoona. Ine nditenga funso lachiwiri. Mundilole ndilembe dzina la chidachi monga limalembedwera kwawo, poti ndikalilemba m'Chichewa lifanana ndi dzina la mwini uta uja umaoneka mvula ikakata.

Achimwene a ku Mbare, wogulitsayo wakuuzani zoona theka. Chimene chimalamula pano si kuchuluka kwa mawati kokha, koma kutalika kwa nthawi imene kuwala kumakhala pamalo amodzi, poyerekeza ndi nthawi imene kutentha kumafuna kuti kufalikire. Tiyeni tiwerengere makina anu. Ngati mutu wake ukuyenda mamilimita 200 pa sekondi, ndipo kadontho ka kuwala n'kotambalala mamilimita 0.2, ndiye kuti malo alionse amaotchedwa kwa milisekondi imodzi, gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. M'nthawi imeneyo kutentha kumalowa m'galasi mtunda wa ma micron pafupifupi 20 (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), pamene tsitsi la munthu ndi lochindikala ma micron 70 kapena chapomwepo. Zikuoneka zochepa, koma n'zokwanira kusungunula kachithaphwi ka galasi, ndipo galasi wamba limatha kung'aluka ndi kusiyana kwa madigiri osakwana 100 pakati pa malo oyandikana.

Fibre laser ya mawati 20 imene ikuombera ka 20,000 pa sekondi imaika mphamvu yokwana milijulu imodzi mu pulse iliyonse, ndipo pulse imeneyo imatha m'ma nanosekondi pafupifupi 100. Nanosekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a sekondi, nthawi imene kuwala kwenikweniko kumayenda masentimita 30 okha. Mukagawa mphamvu imeneyo ndi nthawi imeneyo mupeza mawati 10,000, ndipo akaunjikidwa pa kadontho ka ma micron 50 amafika mawati pafupifupi 500 miliyoni pa sikweya sentimita. Pamenepo chapamwamba sichingosungunuka, chimawira n'kusanduka nthunzi, ndipo nthunziyo imang'ambika maatomu ake n'kukhala plasma, kalawi kowala kothetheka kamene mumakaona pa makina amenewo. Kutentha kumangolowa osakwana micron imodzi pulse isanathe, ndipo apa ndi pamene wogulitsa wanu akulondola. Koma pali zinthu zimene sananene. Plasma ija imaima pakati pa laser ndi tailosi n'kumwa gawo lotsala la pulse, kenako n'kutenthetsa malo ozungulira. Ndiponso nthunzi ikamathawa ndi liwiro lotero imakankha chinthucho ngati nyundo, funde la kugundako n'kulowa m'kati. Funde limeneli limalowa likufinya, koma likafika kumalire, monga pamene gilezi wakumana ndi dothi kapena kuseri kwa chinthu chopyapyala, gawo lina limabwerera likukoka, ndipo zoumba zimapirira kufinyidwa kuwirikiza kakhumi kapena kuposa mmene zimapiririra kukokedwa. Kuonjezera apo, ma pulse 20,000 pa sekondi akamagwera mothithikana, kutentha kwa ina kumapeza kwa inzake kusanachoke, ndipo mumabwerera ku vuto lanu lakale lomwe lija. M'mphepete mwa mzere wa nanosekondi mumapezekabe mkombero wa zosungunuka ndi timing'alu take.

Palinso nkhani ya mtundu wa kuwala, ndipo pa malonda anu iyi ndiye yaikulu. Laser ya CO2, imene Kumar Patel anaipanga ku Bell Labs mu 1964, imatulutsa kuwala kwa funde lotalika ma micron 10.6, poti kuwala kumayenda ngati mafunde, ndipo galasi limamwa funde limeneli pamwamba penipeni chifukwa limagwirizana ndi kunjenjemera kwa maatomu a silicon ndi okosijeni. Fibre laser imatulutsa funde la pafupifupi ma micron 1.06, limene limapyola galasi loyera ngati dzuwa pawindo. Pa tailosi yoyera kuwala kumeneku kumalowa m'gilezi, kwina n'kumwazika, kwina n'kukaima pa kachitsotso kapena pa dothi la pansi, ndipo kuphulikako kumachitikira m'kati, chapamwamba n'kutumphuka. Matailosi ena amada bwino ndi fibre laser, makamaka ngati gilezi wake ali ndi titanium dioxide, ufa woyera wa mu utoto, kapena utoto wina womwa kuwalako, ena sasintha n'komwe, ena amalakatika. Awiri ooneka ofanana m'sitolo angathe kuchita zosiyana kotheratu.

Laser imene ingatchedwe yosaotcha ilipo, koma si imene akukugulitsaniyo. Ndi ya ma pulse a pikosekondi zochepa kapena femtosekondi, ndipo pikosekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a nanosekondi, pamene femtosekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a nanosekondi. Mu choumba cholimba chotchedwa alumina, mwachitsanzo, elekitironi, kachidutswa kakang'ono ka mu atomu, imafuna mphamvu pafupifupi 9 eV (eV ndi muyeso wa mphamvu zazing'ono zoterezi) kuti imasuke, pamene kachidutswa kamodzi ka kuwala kwa ma micron 1.06 kamanyamula 1.2 eV yokha, ndiye mwa masiku onse kuwalako kumangodutsa. Koma kukaunjikana koopsa, elekitironi imodzi imameza tizidutswa tambiri nthawi imodzi n'kumasuka, kenako imathamangitsidwa ndi kuwala komweko n'kugunda zinzake, nazonso n'kumasuka, ngati moto wolusa m'udzu wouma. Maelekitironi amafuna mapikosekondi angapo kuti apereke kutentha kwawo ku maatomu, ndiye pulse imakhala itatha kale, ndipo kachigawo kopyapyala kamachoka kasanauze anansi ake kuti kunja kwatentha. Njira yokulitsira ma pulse afupi oterewa popanda kuswa laser yomwe inapezedwa ndi Donna Strickland ndi Gérard Mourou ku University of Rochester mu 1985, ndipo analandirira mphoto ya Nobel mu 2018. Makina ake ndi a m'mafakitale a zamagetsi ndi zachipatala, mtengo wake ndi wa nyumba, osati wa kashedi. Ngakhale amenewo, mukaombera malo amodzi kambirimbiri, chinthucho chimafooka n'kuyamba kuonongeka pa mphamvu yocheperapo kusiyana ndi poyamba.

Za ming'alu yodikira kucha, ndionjezere pa mawu a agogo. A. A. Griffith anaonetsa mu 1921, poyesa galasi, kuti chinthu chosapindika chimasweka kuchokera pa kachilema kamene kalipo kale, chifukwa kukoka konse kumasonkhana kunsonga kwa kamng'aluko. Pambuyo pake zinadziwikanso kuti chinyezi cha mumpweya chikalowa kunsongako chimadula zomangira za silicon ndi okosijeni chimodzichimodzi, mng'alu n'kumakwawa pang'onopang'ono. Choncho ming'alu yanu inabadwa Lachinayi, koma usiku ndi mame ndi kuzizira kwa m'bandakucha zinaikulitsa kufikira maso aione.

Langizo langa ndi ili. Tengani matailosi enieni amene mumagwiritsa ntchito, mupite nawo kwa wogulitsayo, awazokote inu mukuona. Musaweruze tsiku lomwelo. Asungeni panja mlungu wathunthu, kenako mupake inki ya cholembera pachithunzipo n'kupukuta, pakuti inki imatsalira m'ming'alu imene diso silingaione.

Wopanga mano oikirira, Avondale

Ndawerenga zonse ndi chidwi, ndipo ndikufuna kuikapo mawu ngati mayi amene amagwira zoumba za mtundu wina tsiku ndi tsiku. Aphunzitsi afotokoza bwino za nthawi ndi mtundu wa kuwala, koma ndikuopa kuti owerenga angaganize kuti zoumba zonse ndi banja limodzi lochita zofanana, pamene sizili choncho. Taonani mitundu itatu iyi ya zoumba: alumina amasungunuka pa madigiri 2,072, zirconia pa madigiri pafupifupi 2,700, koma silicon nitride sasungunuka n'komwe mumpweya wamba, amangophwasuka akayandikira madigiri 1,900, nayitirojeni n'kuthawa, silicon n'kutsala. Galasi la silika weniweni limafutukuka pang'ono kwambiri moti mungalichotse pamoto lili psuu n'kuliviika m'madzi osasweka, pamene tambula wamba imasweka ndi tiyi wotentha. Laser imodzi yomweyo isiya zipsera zosiyana pa chilichonse mwa zimenezi.

Ife mano ambiri timapanga ndi zirconia wosakaniza ndi ufa wina wotchedwa yttria pang'ono. Zirconia ali ndi khalidwe lodabwitsa limene akatswiri a ku Australia analifotokoza mu 1975. Mng'alu ukayamba, timibulu ta kunsonga kwake timasintha kaimidwe n'kutupa ndi maperesenti apakati pa 3 ndi 5, ndipo kutupako kumatsina mng'aluwo kuti usapitirire. Ndicho chifukwa chake dzino la zirconia limatafuna chimanga chokazinga osasweka. Koma chitetezo chimenechi chimagwira kamodzi pamalo amodzi, ndipo kutentha kosalongosoka kungachiwononge ntchito isanayambe. Laser ya ma pulse aatali ikagunda zirconia imasiya khungu losungunuka long'alukang'aluka ngati matope a padambo m'chilimwe, ndipo nthawi zina malowo amada chifukwa okosijeni wathawamo. N'chifukwa chake ife timasema zirconia akadali wofewa ngati choko, kenako n'kumuotcha pa madigiri pafupifupi 1,500, pamene amakhwinyata ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo akatuluka mu uvuni timapewa kumuvutitsanso. Mwina ndi nzeru yomweyo imene agogo akunena, yakuti chithunzi chilowe moto usanamalize ntchito yake, osati pambuyo.

Kupyola kwa kuwala kumene aphunzitsi akuchenjeza, madokotala a mano amakugwiritsa ntchito dala. Pofuna kuchotsa kachivindikiro koumba pa dzino popanda kukaswa, amaombera ndi laser ya Er:YAG, ya funde la ma micron 2.94, ndipo kuwalako kumapyola choumbacho n'kukaphwasula guluu wa pansi, kachivindikiro n'kumasuka kathunthu. Chimene kwa iwo ndi mwayi, pa tailosi yanu ndi gilezi wosendeka.

Koma chimene chandilembetsa kwenikweni ndi thanzi lanu, achimwene. Chivindikiro cha pulasitiki yoonekera cha makina anu a CO2 chimatchinga funde la ma micron 10.6, koma sichitchinga la fibre laser. Kuwala kwa ma micron 1.06 sikuoneka, ndiye diso siliphethira, koma kumalowa mpaka kumbuyo kwa diso kumene kumagwera chithunzi, ndipo chilonda cha kumeneko sichipola. Ma fibre laser ambiri otsika mtengo amabwera opanda bokosi, ndipo tailosi yonyezimira imabweza kuwala ngati kalilole, m'kashedi mmene mumalowa makasitomala ndi ana awo. Pamafunika magalasi olembedwa kuti ndi a 1064 nm, amene ndi ma micron 1.06 omwe aja, osati akuda wamba kapena a owotcherera zitsulo. Chachiwiri ndi utsi. Ambiri a ife tili ndi agogo kapena amalume amene anabwera kuchokera kumigodi akutsokomola mpaka kumanda chifukwa cha fumbi la miyala, ndipo zimene laser imauluza kuchokera pa tailosi ndi pa mwala ndi timibulu tating'ono kwambiri tofika pansi pa mapapo. Gilezi wina, makamaka wakale ndi wamitundu yowala, amakhalanso ndi mtovu. Payipi yotulutsa utsi ipite kunja ndithu, ndipo posesa muziyamba mwawaza madzi.

Wopuma pantchito ya ng'anjo, Highfield

Mayi a ku Avondale anena zoona za fumbi, ndipo ine chifuwa changa ndi mboni. Ndingoonjeza kuti ngati bambowa akakamirabe kuyesa ndi makina ali nawowo, ayambe afunditsa tailosi, ndipo ikatuluka aifunditse nsalu yochindikala kuti izizire mwaulesi. Achepetsenso mpweya umene makinawo amauzira pa kadontho, chifukwa umenewo uli ngati kuthira madzi pa mphika wochoka kumene pamoto.

Wozokota ziliza, Mbare

Zikomo kwambiri agogo, aphunzitsi ndi amayi. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndinafuna ndiyambe ndayesa zimene munanena.

Ndinapita kwa wogulitsa uja ndi matailosi anayi, awiri a pakhoma ndi awiri a porcelain. Pa a pakhoma fibre laser inalemba mizere yotuwa yokhakhala, ndipo pa imodzi gilezi anatumphuka m'mphepete mwa zilembo tili pomwepo. Pa porcelain imodzi munatuluka zilembo zakuda bwino zimene zinandikopa mtima, koma inzake, ya fakitale ina, sinasinthe mtundu ngakhale anabwereza katatu. Ndinawasiya onse padenga la kashedi masiku asanu ndi awiri, kenako n'kupaka inki monga aphunzitsi ananenera. Ya zilembo zakuda ija inapukutika yoyera, kupatula pa ngodya imodzi pamene mizere inathithikana, pomwe inki inatsalira m'timizere tiwiri. Nditafunsa za magalasi a 1064 nm, anandiuza kuti amagulitsidwa padera.

Ku makina anga akale ndinasintha njira. M'malo mogoba gilezi, ndinapaka tailosi ya porcelain utoto woyera wokhala ndi titanium dioxide, n'kuusiya uume, kenako ndinaiika padzuwa mpaka masana kuti ifunde. Ndinatsitsa mphamvu kwambiri, ndinachepetsa mpweya, ndipo chithunzi ndinachisandutsa timadontho totalikirana kuti kalikonse kazizire kasanafike kanzake. Pamene kuwala kwadutsa, utotowo unada n'kukanirira pa gilezi, wotsalawo ndinautsuka ndi thina. Chithunzi chatuluka chakuda pa zoyera, chooneka bwino kuposa cha tsiku lija, ndipo sindinamve kulira kulikonse. Inki yaonetsa timing'alu tochepa m'tsitsi, mmene madontho achulukana, koma pankhope palibe.

Fibre laser ndaiimika kaye, ndipo ndayamba kufunsa mitengo ya uvuni waung'ono wa magetsi wofika madigiri 900. Tailosi yoyeserayo ndaimata pakhoma la kunja kwa kashedi, mbali yolandira dzuwa la masana, ndipo sindilandira oda ya matailosi kufikira itapyola mvula ikubwerayi. Pakali pano ndili ndi funso lina kwa agogo a ku Highfield. Ngati tailosi yalowa kale timing'alu ta laser, kodi kuibwezera mu uvuni kungatseke timing'aluto, kapena chithunzi chakudacho chingayere n'kufafanizika gilezi akayamba kufewa?